Moyo Umakhala Wotani Pakapita Zaka Munthu Atachitidwa Opaleshoni Yochepetsa Thupi?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za opaleshoni imene madokotala amachita pa chifu ndi matumbo pofuna kuthandiza munthu wonenepa kwambiri kuti thupi lichepe. Ena mwaonapo zithunzi za anthu otere pa Facebook kapena pa WhatsApp: uku munthu wonenepa zedi, uku munthu yemweyo thupi litatsika, akumwetulira. Zithunzizo n'zoona, koma zimatiuza za miyezi yoyambirira yokha. Funso lathu lero ndi lakuti, pakapita zaka 5, zaka 10, mwinanso zaka 20, munthu uja amakhala bwanji? Amadya bwanji, amagona bwanji, banja lake limayenda bwanji, ndipo matenda amene anali nawo amathadi?

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife ngati mmene inalili kale. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'Malawi muno m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 anali onenepa kuposa muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerochi chinafika pa 36. Matenda a shuga ndi BP akuchuluka m'makomo mwathu. Komanso tili ndi abale ku Johannesburg, ku London ndi kwina, kumene opaleshoniyi imachitika tsiku ndi tsiku. Choncho n'kwabwino kuti tidziwe zoona zake tisanakopeke ndi zithunzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tiyambe ndi zimene dokotala amachita m'mimbamo, chifukwa zonse zimene tikambe zikuchokera pamenepo. Masiku ano njira zofala kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba imatchedwa sleeve gastrectomy. Dokotala amadula ndi kuchotseratu mbali yaikulu ya chifu, pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu, n'kusiya kachifu kakang'ono kowonda. Mbali yochotsedwayo siibwereranso. Yachiwiri ndi gastric bypass, imene dokotala wina wa ku Iowa m'dziko la America, Edward Mason, anayamba kuichita m'zaka za m'ma 1960. Apa dokotala amapatula kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kukula kwake ngati dzira la nkhuku, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono chakutsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chiyambi cha matumbo.

Anthu ambiri amaganiza kuti thupi limachepa chifukwa choti malo oikamo chakudya achepa basi. Zimenezo n'zoona, koma pali china chachikulu. Chifu ndi matumbo zimatulutsa michere imene imauza ubongo kuti munthu ali ndi njala kapena wakhuta. Opaleshoni imasintha michere imeneyi. Njala imachepa, munthu amakhuta msanga, ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito shuga bwino. N'chifukwa chake odwala shuga ena amaona shuga wawo atatsika patangopita masiku ochepa, thupi lisanachepe n'komwe.

Opaleshoniyi si ya munthu amene wangotuluka kamimba. Madokotala amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa BMI, umene umayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Malangizo amene mabungwe a madokotala a ntchitoyi anatulutsa mu 2022 amati opaleshoni ingaganiziridwe BMI ikafika 35, kapena kuyambira 30 ngati munthuyo ali ndi matenda monga shuga. Kwa mayi wotalika mita imodzi ndi masentimita 60, BMI ya 35 ndi makilogalamu pafupifupi 90.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tipite ku Sweden, dziko limene latsatira anthu otere kwa nthawi yaitali kwambiri. Mu 1987 madokotala a mumzinda wa Gothenburg, motsogozedwa ndi Pulofesa Lars Sjöström, anayamba kafukufuku wotchedwa Swedish Obese Subjects. Pofika mu 2001 anali atalemba anthu 2,010 amene anachitidwa opaleshoni, ndi ena 2,037 onenepa chimodzimodzi amene anangolandira chithandizo cha masiku onse. Anthu amenewa akhala akuwayeza ndi kuwafunsa mafunso kwa zaka zoposa 20. Ambiri mwa iwo anachitidwa njira zakale zimene pano sizichitikachitika, koma zimene tikuphunzira kwa iwo n'zothandizabe kwambiri.

Choyamba ndi sikelo. Amene anachitidwa bypass anataya pafupifupi makilogalamu 32 pa makilogalamu 100 alionse m'chaka choyamba ndi chachiwiri. Pofika chaka cha 10, kuchepako kunali pa 25. Tiyerekeze bambo amene analowa m'chipatala akulemera makilogalamu 130. Pakatha chaka ndi theka akhoza kukhala pa 88. Pakatha zaka 10 akhoza kukhala pa 97 kapena 98. Thupi labwererako, inde, koma bamboyo akadali wopepuka ndi makilogalamu oposa 30. Anzake amene sanachitidwe opaleshoni, ngakhale anayesa zakudya ndi masewera, sikelo yawo sinasinthe kwenikweni pa zaka zonsezo.

Omvera, mfundo imeneyi muigwire bwino. Kubwererako pang'ono kwa thupi ndi chinthu choyembekezeka. Anthu ambiri akaona sikelo ikukwera m'chaka chachitatu amachita manyazi, amaganiza kuti alephera, n'kusiya kupita kwa dokotala. Kusiya kupita kwa dokotalako ndiye koopsa kuposa makilogalamu abwererawo.

Chachiwiri ndi matenda a shuga. Mwa amene anali ndi shuga pochitidwa opaleshoni, 72 mwa 100 alionse anali ndi shuga wabwinobwino popanda mankhwala patatha zaka ziwiri. Patatha zaka 15, amene anali akadali choncho anali 30. Kafukufuku wina wa ku Utah, m'dziko la America, amene anatsatira anthu a bypass okhaokha, anapeza kuti patatha zaka 12 theka la odwala shuga anali asanayambirenso kudwala. Choncho shuga amatha kubwerera. Komabe zaka zimene thupi lapuma ku shuga sizipita pachabe: ku Sweden anaona kuti mavuto a maso, impso ndi mitsempha amene amadza ndi shuga anali ochepa mwa ochitidwa opaleshoni. Anaonanso kuti amene anachitidwa opaleshoni shuga asanakhalitse m'thupi ndi amene anapindula kwambiri.

Chachitatu ndi kutalika kwa moyo. Mu 2020 ofufuza a ku Sweden aja analengeza kuti ochitidwa opaleshoni amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 3 kuposa anzawo onenepa amene sanachitidwe. Koma poyerekeza ndi anthu wamba a ku Sweden, moyo wawo unali wofupikirabe ndi zaka 5 ndi theka. Opaleshoni imachepetsa chiopsezo, siichichotseratu.

(NYIMBO KWA MPHINDI IMODZI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za moyo wa munthu pakapita zaka atachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi. Manambala a sikelo ndi shuga tawamva. Nanga eni akewo amati chiyani za moyo wawo?

Ofufuza a ku Sweden sanangoyeza magazi okha. Ankawafunsanso anthuwo mafunso a moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi kunenepa kumakusowetsani mtendere mukamapita kukacheza kwa anzanu? Nanga pokadya kumalo odyera, poyesa zovala m'sitolo, posamba pamalo a anthu ambiri, kapena pokhala malo amodzi ndi akunyumba kwanu? Ankawafunsanso za nkhawa, za kukhumudwa, ndi mmene akuonera thanzi lawo.

Mayankho awo anayenda limodzi ndi sikelo. M'chaka choyamba zinthu zinasintha kwambiri, anthu anali osangalala zedi. Kuyambira chaka choyamba kufika chachisanu ndi chimodzi, pamene thupi linkabwererako, chisangalalo chija chinatsikanso pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo kufika chaka cha 10 zinthu zinakhazikika. Ndipo pamene zinakhazikikapo panali pabwino kuposa pamene anayambira. Patatha zaka 10 anthuwa ankaona thanzi lawo kukhala labwino, ankacheza ndi anthu momasuka, ndipo matenda a kukhumudwa anali ochepa poyerekeza ndi gulu lina lija. Koma pa nkhani ya nkhawa panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiriwa.

Zimenezi zikutiphunzitsa kuti phindu lokhalitsa kwambiri lili m'thupi. Mawondo ndi msana zimapepukidwa. Munthu amene ankapuma kawiri pokwera masitepe amakwera osaima. Amene ankaliza mkonono n'kumabanika kutulo amayamba kugona bwino, n'kudzuka m'mawa mutu usakupweteka. Amatha kuwerama n'kumanga yekha zingwe za nsapato, kukhala pampando umodzi m'basi, kunyamula mdzukulu. Amayi ena amene msambo unkawasokonekera amayamba kusamba mwezi ndi mwezi. Koma zimene zili mumtima, monga chisoni chakale, mikangano ya m'banja kapena nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, mpeni wa dokotala sufikako.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tione matope ake.

Vuto loyamba lili pa mbale. Tiyerekeze mayi amene anachitidwa bypass zaka zitatu zapitazo, wakhala pansi kudya nkhomaliro ndi banja lake. Anzake atenga mitanda iwiriiwiri ya nsima. Iye wayamba ndi ndiwo, dzira limodzi kapena kachidutswa ka nsomba, chifukwa thupi lake likufunika zakudya zomanga thupi zosachepera magalamu 60 pa tsiku, ndipo malo m'mimba ndi ochepa. Akutafuna mpaka chakudya chisalale. Kenako masamba pang'ono, ndipo pomaliza mbamu ziwiri kapena zitatu za nsima. Madzi samwera pa chakudya, amadikira kaye pafupifupi theka la ola. Akafulumira kumeza, kapena akawonjezera mbamu imodzi chifukwa apongozi amukakamiza, chakudya chimaima pachifuwa ndipo amatha kusanza. Umu ndi mmene adzadyere moyo wake wonse, ngakhale kuti pakapita nthawi mlingo umakulako.

Mayi yemweyo wapita ku ukwati. Wapatsidwa botolo la chakumwa chotsekemera ndi kachidutswa ka keke. Pakatha mphindi 15 kapena 20, mtima wayamba kugunda mofulumira, thukuta lili kamukamu, chizungulire, m'mimba mukupota, akufunafuna chimbudzi. Chachitika n'chakuti shuga wambiri wagwera m'matumbo nthawi imodzi, popeza chifu chimene chinkamutulutsa pang'onopang'ono chinalambalalidwa. Kwa ena vutoli limabwera mochedwa, pakatha ola limodzi mpaka atatu: shuga wa m'magazi amatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, amasokonezeka, mwinanso kukomoka. Thobwa wothira shuga wambiri, tiyi wa masupuni anayi ndi zozizilitsa kukhosi zonse zingayambitse zimenezi.

Vuto lachiwiri ndi losaoneka ndi maso, ndipo ndi limene limapweteka anthu ambiri pakapita zaka. Mbali ya matumbo imene inalambalalidwa ija ndi imene imayamwa kwambiri ayironi ndi kasiyamu. Chifu nachonso chimathandiza thupi kuyamwa vitamini B12. Choncho munthu akhoza kudya bwino koma thupi n'kumaperewera zinthu zimenezi. Ayironi akachepa magazi amachepa, munthu amangokhala wotopa, makamaka amayi amene akusambabe. B12 akachepa manja ndi miyendo zimachita dzanzi, munthu amayenda modzandira ndiponso amaiwalaiwala, ndipo akachedwa kuthandizidwa mitsempha siichira yonse. Kasiyamu ndi vitamini D zikachepa mafupa amafooka, ndipo pakapita zaka amathyoka msanga. Munthu amene akusanza masiku ambiri otsatizana amatha kuperewera vitamini B1, zimene zimawononga ubongo m'kanthawi kochepa. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mavuto onsewa ndi opeweka. Mankhwala ake ndi mapilitsi a mavitamini tsiku lililonse kwa moyo wonse, jakisoni wa B12 amene ku Britain amabaya miyezi itatu iliyonse, ndi kuyezetsa magazi kosachepera kamodzi pa chaka. Chovuta n'chakuti munthu akayamba kumva bwino amaona ngati wachira, n'kusiya.

Palinso mavuto ena amene tingowatchula mwachidule. Thupi likamachepa mofulumira, m'ndulu mumatha kupangika timiyala. Tsitsi limathothoka m'miyezi yoyambirira koma limameranso. Ena a sleeve amavutika ndi chilungulira chosatha, mpaka ena amachitidwanso opaleshoni yachiwiri. A bypass matumbo amatha kupotana ngakhale patapita zaka zambiri, choncho kupweteka kwambiri kwa m'mimba si kodikira nako kuti kuche. Khungu limene linatambasuka silibwerera lonse, limalendewera pamimba, m'mikono ndi m'ntchafu, limatukusira m'mapindimo, ndipo kulichotsa ndi opaleshoni ina yofuna ndalama zina.

(NYIMBO KWA MPHINDI IMODZI)

WOULUTSA: Tsopano tikambe nkhani zinayi zimene anthu sakonda kuzikamba poyera: mowa, maganizo, banja ndi uchembere.

Munthu wa bypass akamwa mowa, umalowa m'magazi mofulumira komanso mwamphamvu kuposa kale. Botolo limodzi limamuledzeretsa ngati wamwa angapo. Kafukufuku wina wa ku America anapeza kuti mwa anthu a bypass amene analibe vuto la mowa poyamba, mmodzi mwa asanu alionse anali ataonetsa zizindikiro za vutoli pasanathe zaka zisanu. Abale musamamunyengerere munthu wotere kuti angolawako.

Pa nkhani ya maganizo, akafukufuku a ku Utah ndi ku Sweden anapeza kuti kudzivulaza ndi kudzipha kunali kochulukirako mwa ochitidwa opaleshoni poyerekeza ndi anzawo. Anthu ake ndi ochepa tikayerekeza ndi onse amene anapindula, koma nkhaniyi si yoinyalanyaza. Munthu amene chakudya chinali chomutonthoza akapanikizika amapezeka kuti chotonthoza chija palibe. Wina amayembekezera kuti thupi likachepa mavuto onse atha, ndiye akaona kuti alipobe amagwa mphwayi. Mukaona m'bale wanu wayamba kudzipatula, sakugona, kapena akulankhula zotaya mtima, mufunseni mwachifatse ndipo mupite naye kwa a zaumoyo.

Banja nalonso limagwedezeka. Ku Sweden komweko anapeza kuti anthu amene anali osakwatira ankapeza banja mochuluka pambuyo pa opaleshoni, koma mabanja amene analipo kale ankathanso mochulukirapo. Mkazi amene ankangokhala m'nyumba wayamba kutuluka, wayamba kudzidalira, mwamuna nsanje yamugwira. Ena amapeza mphamvu zochoka m'banja la nkhanza. N'chifukwa chake ndi bwino kuti awiriwo akamve limodzi uphungu opaleshoni isanachitike. Kwathu kuno pali chinanso. Munthu akaonda mwadzidzidzi anthu amayamba kunong'onezana kuti wadwala, ena mpaka kutchula matenda. Amene akuganiza zochita opaleshoniyi akonzekere mawu amenewo, ndipo ife tonse tisiye kuyeza thanzi la munthu ndi maso.

Kwa amayi, thupi likachepa mwayi wotenga pakati umakula, ngakhale kwa amene anakhala zaka osabereka. Koma madokotala amalangiza kudikira chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka, chifukwa nthawi imeneyo thupi likutsika mofulumira ndipo mwana sangapeze chakudya chokwanira. Mapilitsi olera mwina sangagwire bwino ntchito pambuyo pa bypass, choncho funsani za lupu kapena njira yoika pamkono. Mayi akadzatenga pakati, chiopsezo cha shuga wa pa mimba chimakhala chochepa, koma mwana amatha kubadwa wocheperako thupi. Kusikelo anene msanga kuti anachitidwa opaleshoni yotere.

Mawu amodzi pa mankhwala. Brufen, diclofenac, Indocid ndi asipilini, amene timangogula pagolosale mutu kapena msana ukapweteka, amatha kuyambitsa zilonda pamalo amene dokotala analumikiza. Fodya amachitanso chimodzimodzi. Komanso mmene thupi limayamwira mankhwala ena mumasintha. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena a khunyu akambirane ndi dokotala wawo opaleshoni isanachitike, ndipo pambuyo pake apitirize kuyezetsa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Omvera, zabwino zonse zimene tamva za ku Sweden zinachitika m'dziko limene wodwala amaitanidwa kuchipatala, magazi ake amayezedwa, ndipo mavitamini amapezeka. Opaleshoni yeniyeniyo, ikachitikira m'chipatala chozolowera ntchitoyi, imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo omwalira nayo ndi ochepa, pafupifupi mmodzi kapena awiri mwa 1,000. Ntchito yaikulu ili m'zaka zotsatirazo. Ku Britain anthu ambiri akhala akupita ku Turkey kukachita opaleshoniyi pamtengo wotsika, ena abwerako ndi mavuto aakulu, ena amwalira, mpaka boma la Britain linachenjeza nzika zake. Phunziro lake likukhudza aliyense woganiza zokwera ndege, kaya wopita ku India, ku South Africa kapena kwina.

Musanalipire ndalama iliyonse, funsani mafunso awa. Ndikabwerera kwathu, adzandiona ndani, ndipo kangati pa chaka? Kodi kumene ndimakhala angathe kuyeza ayironi, B12 ndi vitamini D? Kodi ndidzakwanitsa kugula mavitamini mwezi ndi mwezi, ngakhale ndalama zitavuta? M'mimba mukadzandipweteka pakati pa usiku, dokotala wa opaleshoni amene akudziwa mmene matumbo anga analumikizidwira ndidzamupeza kuti? Ndipo pochoka kuchipatalako mutenge kalata yofotokoza bwinobwino mtundu wa opaleshoni imene mwachitidwa, muisunge pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Kwa munthu wonenepa kwambiri, makamaka wodwala shuga, opaleshoniyi ndi chithandizo chenicheni. Si ulesi ndipo si chinyengo. Anthu ambiri amene anachitidwa amayenda bwino, amagona bwino, amamwa mankhwala ochepa, ndipo amakhala ndi moyo wautaliko. Koma imapindulira amene wavomera kukhala pansi pa chisamaliro cha achipatala moyo wake wonse. Ngati munachitidwa kale ndipo papita chaka osayezetsa magazi, pitani sabata ino mukayezetse, ngakhale mukumva bwino. Ngati muli ndi m'bale wotere, musamukakamize chakudya kapena mowa, ndipo muzimukumbutsa mavitamini ake.

Pulogalamu yathu yathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)